Mphasa ya Mwini Nyimbo

Amene simudamveko chitoliro cha a Tsokalida Mbewe, pepani, mudachedwa kubadwa. Mkulu ameneyu akaika kansungwi kake pamlomo kumapiri a Dedza kuja, amayi ankatula mitsuko panjira, ng'ombe n'kuleka kubzikula. Sindikuthira nsinjiro ayi. Kachitoliroko kadali kong'aluka pang'ono kukamwa, kotero kuti liwu lake linkatuluka ndi kamkwezalamba kosasa, ndipo munthu ankatha kukazindikira ali tsidya lina la dambo.

Nyimbo zawo sizidali zongotola m'njira. Iliyonse idali ndi mwini wake, ndipo asanalize ankayamba atchula mwiniyo ndi kumene nyimboyo idachokera. Yakale kwambiri idali ya Mpondamwala, mbusa amene mwana wa ng'ombe adamusowa m'nkhungu, iye n'kumuitana ndi chitoliro masiku atatu mpaka adatulukira. Yachiwiri idali ya Nangondo, mayi amene ankaing'ung'udza pamtondo chaka cha njala akusinja gaga, mlongo wake n'kuitola kuiika m'nsungwi. Yachitatu idali ya Jekete, amene adapita ku Halale wapansi, ndipo adaipeka atawoloka Zambezi, atacheuka n'kuona kuti mapiri akwawo sakuonekanso.

Tsono panali mwambo umene alendo ankadabwa nawo. Pakati pa nyimbo iliyonse woliza ankaima, n'kuchotsa chitoliro pamlomo, n'kukhala chete nthawi yokwana munthu kumwa chikho cha madzi mosafulumira. Kenaka ankapitiriza. Mpata umenewu ankautcha mphasa ya mwini nyimbo. Ankati mwini nyimbo, ngakhale adafa kale, akamva nyimbo yake amabwera, ndiye sungamusiye chiimire. Mumpatamo palibe chimene anthu ankamva, koma palibenso amene ankatsokomola.

A Tsokalida adali ndi nyimbo yawoyawo, yachinayi, ndipo iyo idalibe mphasa poti mwini wake adali moyo. Mwambo unkati mwini nyimbo akaona kuti ulendo wayandikira, aloze yekha malo a mphasa yake kwa womusiyira chitoliro. Akafa asanaloze, nyimboyo imaikidwa naye limodzi m'manda, ndipo palibe wololedwa kuiliza mpaka kalekale.

Chaka chimene ndikunenachi, chifuwa chidawagwetsa a Tsokalida. Mpweya woti n'kuuzira moto udawathera, nanji woliza chitoliro. Wowasiyira adalipo, mwana wawo mmodzi yekhayo, Faniwelo, bambo wa zaka makumi anayi, mlimi wa mbatata ya kachewere. Zala za Faniwelo zidali zopepuka kuposa za bambo ake, zimenezo ngakhale mkuluyo ankavomera. Nyimbo zonse zinayi ankazidziwa. Chimene ankadikira ndi chimodzi basi, kuti bambo ake amulozere malo a mphasa yawo, chifukwa pa nyimbo zonse imene ankaikonda kuchokera pansi pa mtima idali yachinayiyo.

Mwezi wa Juni kudabwera a Mlongoti, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya m'deralo, munthu wokonda zamakolo. Adati ku boma kukhala tsiku la zachikhalidwe, ndipo akufuna Faniwelo akaimire dera lonse. Adamumvetsera akuliza nyimbo zitatu zakale zija, mutu ukugwedera.

“A Mbewe, zala ndiye muli nazo,” adatero a Mlongoti. “Koma mipata ija ikundidetsa nkhawa. Kuja kudzadzaza anthu osadziwa za mphasa. Adzayesa mwaiwala nyimbo, kapena mpweya wakutherani. Ena adzayamba kuwomba m'manja muli pakati.”

Aphunzitsiwo sadanene moipa, ankangomufunira zabwino. Koma mawu oti “adzayesa mwaiwala” adamulowa Faniwelo ngati minga ya chisoso m'bulangete. Iye, mwana wa Tsokalida, anthu a ku boma amuseke kuti waiwala? Adakhala masiku anayi kumunda, khasu lili gone, akupeka tizokometsera totsekera mipata itatu ija. Ndipo tinene zoona, tidali tokoma ndithu.

Ku boma kudali chikhamu. Faniwelo adatchula eni nyimbo monga mwa mwambo, kenaka n'kuliza kuyambira poyamba mpaka pomaliza osachotsa chitoliro pamlomo. Anthu adaimirira, nthungululu zili mbwee, akuluakulu akumugwira chanza ndi manja awiri. Adakwera minibasi yobwerera mapewa ali m'mwamba.

Adatsika pamsewu waukulu chakumadzulo, nkhungu itayamba kale kutsika m'mapiri. Njira yakwawo imadutsa pamtengo wa msuku pamene pali chipika chimene apaulendo amapumirapo. Atayandikira adaona anthu atatu pamenepo. Palibe amene adakhala pachipikacho, onse adali chiimire. Woyamba adali nkhalamba yandodo yaitali. Wachiwiri adali mayi wa mikono yotuwa ndi ufa. Wachitatu adali ndi kasutikesi komanga ndi luzi. Nkhope zawo sadazione bwino, nkhungu idali pakati.

“Zikomo, akuluakulu. Mwaswera bwanji?” adapereka moni Faniwelo.

“Taswera chiimire, mwanawe,” idayankha nkhalamba ija.

“Nanga bwanji osakhala pachipikapo?”

“Pamene timakhala pakhala mwini nyumba,” adatero mayi uja, mosakwiya, ngati munthu wongonena za nyengo.

Faniwelo sadamve chimene akutanthauza. Adaseka pang'ono mwaulemu n'kupitirira. Atayenda mapazi khumi adacheuka, koma pamsukupo padali nkhungu yokhayokha. Adadziuza kuti alowera njira ya kudambo, ngakhale ankadziwa kuti pamalopo palibe njira ina yopatuka.

M'mawa mwake a Mlongoti adafika ndi foni m'manja, chimwemwe chili tayale. Adajambula zonse ku boma kuja, ndipo ankafuna odwala amve mmene mwana wawo adagwedezera bwalo. A Tsokalida adamvetsera maso ali chitsinzire. Nyimbo ya Mpondamwala itafika pamalo a mphasa, milomo yawo idatseguka pang'ono ngati akufuna kulonjera munthu. Koma chitoliro cha m'fonimo sichidaime. Adatembenukira kukhoma.

Aphunzitsi atapita, Faniwelo adagwada pambali pa bambo ake. “Bambo, kodi sindinalize bwino?”

“Waliza bwino kwambiri,” adatero mkuluyo, akupuma movutikira. “Ine sindinalizepo choncho.”

“Ndiye bwanji mwandipatsa nkhongo?”

“Ndikuganiza za ine mwini. Munthu amene wayalula mphasa za agogo ake, ya bambo wake adzaiyala pati? Yanga ndipita nayo.”

Faniwelo adatuluka mtima ukuwawa, koma kuwawako kudasakanikirana ndi mkwiyo. Anthu mazanamazana amuimirira, ndiye nkhalamba imodzi imuweruze chifukwa cha kachete? Adaganiza kuti ndi matenda akuyankhula, mawa aiwala.

Amene adayamba kuona zachilendo adali mkazi wake, Nachisale. Atadzuka kukasesa adapeza mphasa zonse za pakhonde, zimene adazisiya zoyala, zitapindidwa bwinobwino n'kutsamiritsidwa kukhoma. Adaganiza kuti ndi mwamuna wake. Tsiku lotsatira zidachitikanso, ndipo ulendo uno ngakhale mphasa imene adayanikapo ufa m'khitchini idali yopinda, ufawo utathiridwa m'lichero mosataya ndi pang'ono pomwe.

“Bambo a Esinati, kodi mwayamba liti ntchito zapakhomo?” adafunsa.

“Ntchito zanji?”

Nachisale adamukoka mkono n'kupita naye pabwalo pamene adali asadasese. M'fumbi lonyowa ndi mame mudali mapazi a anthu atatu opanda nsapato, oyang'ana kukhomo. Sadali mapazi a anthu oyenda. Adali olowa pansi, zidendene zili pamodzi, monga amachitira munthu amene waima pamalo amodzi nthawi yaitali. Kumene adachokera sikudaoneke, kumene adalowera sikudaonekenso. Pambali pa mapazi oyamba padali kabowo ka ndodo.

Galu wawo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, sadauwe masiku onsewo. Dzuwa likapendeka ankakhala pabwalo n'kumagwedezera mchira malo opanda munthu.

Faniwelo adati ndi anthu ansanje akufuna kumuopseza. Kuti aonetse kuti sakuopa, adatsitsa chitoliro chake padenga pamene ankachisomeka. Atachiika pamlomo adachichotsa msanga. Kukamwa kwa chitolirocho kudali kofunda, ngati wina wangochiliza kumene.

Kenaka kudayamba kulira kwa kudambo. Kunkamveka dzuwa likangolowa, nkhungu ikaphimba bango. Sikudali nyimbo. Chitoliro chinkalira kanthawi kochepa, kenaka zii, nthawi yaitali, kenaka china cha liwu lina n'kulira kanthawi, n'kukhalanso zii. Amayi adaleka kutunga madzi madzulo. Abambo obwera kudimba ankazungulira njira yakutali, ndipo akafika sankanena chifukwa chake. Mkulu wina wa mpingo adafika pokalangiza kuti zitoliro zonse za pakhomopo zitenthedwe, koma kulirako kutayamba iye ali pakati pa malangizo, adakhala chete, chipewa chili m'manja, mpaka kudatha. Pochoka adangoti, “Chinthu choipa sichingalire chonchi,” ndipo za moto sadazitchulenso.

Tsiku lachisanu Faniwelo adakhala pakhonde n'kumvetsera bwinobwino, zala zikuyenda zokha pabondo. Kudambo kukakhala chete, iye m'mutu mwake munkayenda nyimbo ya Mpondamwala. Itafika pamalo a mphasa, chitoliro cha kudambo chidalira. Chidaleka pamene penipeni pamene woliza amabwezera chitoliro pamlomo. Adayesa ya Nangondo, zidali chimodzimodzi. Ya Jekete, chimodzimodzi. Chimene mudzi wonse unkamva kudambo chidali zimene eni nyimbo amaliza pamphasa zawo, zimene makutu a amoyo adali asadamvepo. Popeza adawatsekera m'nyimbo, ankalizira panja.

Ndipo abale, kukoma kwake! Gawo la Mpondamwala lidali liwu limodzi lokha lotsika, lonjenjemera kumapeto, liwu la munthu amene wamva belu la ng'ombe yake patali. La Nangondo lidali timawu titatu todumpha, ngati mayi akuseka ali ndi njala kuti ana asaope. La Jekete linkakwera, n'kukwera, n'kuduka lisadafike. Faniwelo adakumbukira tizokometsera take tija ndipo manyazi adamugwira. Iye adadzaza mipatayo ndi mawu makumi atatu, eni ake ankangofuna atatu. Adalira pakhondepo, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa adali asadamvepo chinthu chokongola chotero.

Komabe sadalowe kukapepesa. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Masiku ena awiri adatha akuzungulira pakhomo, a Tsokalida akunka nafooka, phala lomwe akulikana.

Nachisale ndiye adatopa nazo. Adamupeza mwamuna wake kuseri kwa nkhokwe.

“Bambo a Esinati, apongozi anga safika mawa. Mwawaona zala?”

“Ndawaona.”

“Nanga mukudikira chiyani? Ine kwathu sindinaonepo nyumba yosiya alendo chiimire sabata yathunthu. Ndayala mphasa, akupinda. Ndayalanso, akupinda. Si za bango zimene akufuna. Zimenezo mukuzidziwa kuposa ine.”

“Ndikalize bwanji pamaso pa bambo? Ndawachititsa manyazi.”

“Manyazi mudzachita nawo maliro atatha. Pano tengani chitoliro.”

Tsiku limenelo nkhungu sidachoke. Idali nthawi ya masana koma nkhuku zidali zitayamba kulowa m'khola. Nachisale adayala mphasa zitatu pakhonde n'kukhala pakhomo, mkati. Faniwelo adakhala pansi pambali pa bambo ake, chitseko chili chotsegula, panja pakuoneka choyera chokhachokha.

“Iyi ndi ya Mpondamwala,” adatero Faniwelo, “mbusa amene adaitana mwana wa ng'ombe masiku atatu.”

Adaliza. Atafika pamalo paja, zala zidafuna kuthamanga monga adaziphunzitsira kumunda. Pa zonse zimene adachitapo ndi chitoliro, palibe chidamuvuta ngati kuchichotsa pamlomo nthawi imeneyo. Adachichotsa. M'nyumba mudangomveka kupuma kwa odwala. Kenaka pakhonde padamveka ndodo ikutsamiritsidwa kukhoma, ndipo mphasa yoyamba idalira tsetsetse, monga imachitira munthu wolema akakhalapo. Liwu lotsika lija lidamveka, osati kudambo, koma pompo pakhonde.

Nachisale adagwira pakamwa. Sadasuzumire panja, ndipo adachita bwino.

Faniwelo adamaliza ya Mpondamwala n'kuyamba ya Nangondo. Pamphasa yake mudalowa kafungo ka gaga m'nyumbamo, timawu titatu tija n'kudumpha. Pa ya Jekete padamveka kanthu kolemera kakutulidwa pansi. Pomaliza nyimbo yachitatu, a Tsokalida adali atatembenuka kuchoka kukhoma, maso ali gwa pamwana wawo.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikuwayalira,” adanong'ona, “koma kuwamva ndawamva lero. Kulakwa kwako kwandimvetsa zimene sindikadamva.” Kenaka adayang'ana kukhomo. “Apongozi, yalani yachinayi.”

Nachisale adayang'ana mwamuna wake, misozi ikutsika. Adatenga mphasa yake yogonera, n'kuikankhira pakhonde ndi manja okha, nkhope atayang'ana kumbali.

“Bambo,” adatero Faniwelo, “ndilozereni. Sindidzaitsekanso, ndalumbira.”

“Usalumbire, ingoliza. Koma uyambe watchula kumene idachokera.”

“Simunandiuzepo.”

Mkuluyo adaika dzanja pabondo la mwana wake. Dzanjalo lidali lopepuka ngati chitsononkho.

“Amako adabala atatu iwe usanabadwe. Onse adatuluka osalira. Amayi a m'mudzi adakawataya okha, ine ngakhale nkhope sindidaone. Tsiku lako ndidakhala kuseri kwa nyumba ndi chitoliro, poti mwamuna saloledwa m'chikuta. Ndinkaliza kuti ndisamve kuti kuli chete. Nyimboyo ndi imeneyo.” Adatsokomola nthawi yaitali. “Ndikakufinya bondo, pamenepo ndiye pamphasa yanga.”

Apo Faniwelo adazindikira. Nyimbo imene adaikonda chikhalire osadziwa chifukwa chake idali ya iye mwini.

“Iyi ndi ya Tsokalida Mbewe,” adatero, “bambo amene adadikira kuseri kwa nyumba kuti amve ngati mwana alire.”

Adayamba. Nyimboyo imayenda mozungulirazungulira poyamba, ngati munthu woyendayenda pabwalo, ndipo tsopano adamva chifukwa chake. Ankaliza mtima wonse uli pabondo, kudikira kufinya. Gawo loyamba lidatha, dzanja lili phee. Lachiwiri lidatha, osafinya. Mantha adamugwira kuti mwina bambo ake asintha maganizo, nyimbo itha yopanda mphasa. Adafika pa liwu lalitali la pakati, limene woliza amalikoka mpaka m'chifuwa mutapsa. Adalikoka, n'kulikoka.

Dzanja silidafinye. Lidangotsetsereka pabondo n'kugwera pansi.

Faniwelo adachotsa chitoliro pamlomo. Sadayang'ane bambo ake. M'nyumbamo simudamvekenso kupuma kovutikira kuja, ndipo kudali chete woti munthu n'kumva mame akudontha padenga. Nachisale adatsegula pakamwa kuti alire, koma mwamuna wake adakweza dzanja. Adadikira. Chikho cha madzi chikadatha, chachiwiri chikadatha.

Pakhonde mphasa yachinayi idalira tsetsetse.

Kenaka lidamveka liwu limodzi lopyapyala, lokwera, lodukaduka ngati kulira koyamba kwa khanda. Lidali ndi kamkwezalamba kosasa kaja, ka chitoliro chong'aluka kukamwa, ngakhale kachitoliroko kadali chisomekere padenga pamwamba pa mitu yawo. Mudali chimwemwe m'liwu limenelo choti Faniwelo adaluma mlomo mpaka magazi.

Adadikira mpaka lidatha lokha. Kenaka adabwezera chitoliro pamlomo, n'kumaliza nyimbo ya bambo ake mpaka mawu otsiriza, osaphonya ndi limodzi lomwe. Atamaliza ndi pamene adatseka maso a mkuluyo n'kuuza mkazi wake kuti tsopano atha kulira.

Kudambo sikudalirenso kuyambira tsiku limenelo, ndipo mphasa za Nachisale zidaleka kupindidwa. Faniwelo lero ndi waimvi, ndipo ku boma amamuitanabe. Ena osadziwa amanong'onezana kuti mkuluyu wayamba kuiwala, iye osawalabadira. Inu mukadzakhala pomwepo, mukadzaona wachotsa chitoliro pamlomo nyimbo ili pakati, manja anuwo mudzawasunge. Pamakhala pakukhala munthu.